Chimbale chiti cha Pink Floyd? Mbiri ya mkangano womwe ukukana kutha

Anthu okonda nyimbo za Pink Floyd, bandi ya rock ya ku England, akakumana, funso loti chimbale cha pamtima pako ndi chiti silichedwa kubuka, ndipo likangobuka macheza amatentha. Wina amati The Dark Side of the Moon, wina The Wall, wina Wish You Were Here. Sipalephera kupezekanso wa nkhakamira mmodzi amene amanenetsa kuti bandiyi inathera pa chimbale choyamba cha 1967, zotsatirazo ndi za anthu ena. Mkanganowu mizu yake ili mkati mwa bandi yeniyeniyo. Dzina linali limodzi, koma utsogoleri unasintha manja kangapo, moti munthu akatchula chimbale chake amakhala watchulanso amene iye akumuona ngati mwini wa Pink Floyd.

Bandiyi inayambira ku London mu 1965. Roger Waters wa besi, Nick Mason wa ng'oma ndi Richard Wright wa kiyibodi anadziwana pa sukulu ya Regent Street Polytechnic, komwe ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Syd Barrett, mnzake wa Waters wa ku Cambridge, atawapeza anakhala chilichonse m'gululi: wopeka nyimbo ndi iyeyo, woimba ndi iyeyo, gitala ndi iyeyo. Ngakhale dzina la bandi anabwera nalo ndi iye, atalumikiza maina a oimba awiri a blues a ku America, Pink Anderson ndi Floyd Council. Chimbale chawo choyamba, The Piper at the Gates of Dawn, chinatuluka mu Ogasiti 1967. Anachijambulira ku situdiyo za Abbey Road pa nthawi yomwe The Beatles ankajambula chimbale chawo cha Sgt. Pepper m'chipinda china cha nyumba yomweyo. Muli tinyimbo tifupitifupi tokhala ngati nthano za ana, ndi nyimbo zina zitalizitali zongoimba zida zokha. Pafupifupi zonse anapeka ndi Barrett. Amene amasankha chimbalechi ali ndi mfundo yomveka: ubongo umene unabereka Pink Floyd umamveka wonse pa chimbale chimodzi chokhachi.

Chaka cha 1967 chisanathe, Barrett mutu unali utayamba kusokonekera. Ankamwa kwambiri mankhwala ozunguza bongo a LSD, ndipo pa siteji ankatha kuima chilili, maso ali tong'o, kumangokhwatcha chingwe chimodzi cha gitala kapena osaimba n'komwe. Anzake anaitana David Gilmour, woimba gitala wa ku Cambridge komweko, kuti azithandiza. Kwa masabata ochepa anali anthu asanu. Tsiku lina mu Januwale 1968, ali pa ulendo wokaimba ku Southampton, anagwirizana m'galimoto kuti asamudzere Barrett kunyumba. Basi, kuchoka kwake kunali komweko, ngakhale kuti chilengezo chinadzabwera mu Epulo. Ndikukhulupirira kuti zambiri zimene bandiyi inadzaimba pambuyo pake sizingamveke bwino kwa munthu wosadziwa za ulendo umenewu. Anamusiya mnzawo akudwala, ndipo chikumbumtima chinawatsatira kwa zaka.

Zaka zinayi zotsatira anali kufufuza njira. Anatulutsa A Saucerful of Secrets mu 1968, chomwe Mason ananenapo kuti ndicho amachikonda koposa, kenaka zimbale zingapo zoyesayesa, mpaka Meddle ya 1971 yomwe ili ndi nyimbo ya Echoes ya mphindi 23, yodzadza mbali yonse ya mbale. Pamenepo m'pamene anayamba kumveka ngati anthu amene adziwa kumene akupita.

The Dark Side of the Moon inatuluka mu Malichi 1973. Nyimbo zake anali ataziimba kale pamaso pa anthu kwa chaka chathunthu, ndiye pofika pozimalizitsa mu situdiyo zinali zitapsa. Kanali koyamba kuti Waters alembe yekha mawu a chimbale chonse, ndipo analemba za zinthu zimene zimamutha munthu: nthawi yothamanga, ndalama, imfa, misala. Chimayamba ndi kugunda kwa mtima, n'kutha ndi kugunda kwa mtima. Kalelo kunalibe makompyuta odulira mawu ngati lero. Phokoso la makobidi ndi makina owerengera ndalama lomwe limatsegula nyimbo ya Money analipanga podula tepi ndi lumo n'kuilumikiza pamanja, kachidutswa ndi kachidutswa. Mawotchi amene amalira onse pamodzi koyambirira kwa Time anawajambula ndi Alan Parsons, katswiri wa zamakina pa situdiyopo, mu sitolo ya zinthu zakale. Ankaitananso anthu ogwira ntchito pamalopo, mpaka mlonda wa pakhomo, n'kumawafunsa mafunso okhudza imfa ndi ukali, ndipo mayankho awo ndi amene amamveka chapansipansi pakati pa nyimbo.

Pali mayi wina amene sayenera kuiwalika pa nkhaniyi. Clare Torry anaitanidwa tsiku lina Lamulungu kuti adzaimbe pamwamba pa piyano ya Wright mu The Great Gig in the Sky, popanda kupatsidwa mawu oti aimbe. Anangotsegula kukhosi n'kulira ndi mawu okhaokha, ndipo ambiri amene amakonda chimbalechi amati pamenepo ndiye pachimake. Anamulipira mapaundi 30. Mu 2004 anakasuma kukhoti, nkhani inatha mwa kukambirana mu 2005, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake limalembedwa pambali pa la Wright monga wopeka nawo nyimboyo.

Chimbalechi chinakhala pa Billboard, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, kwa masabata oposa 700 pakati pa 1973 ndi 1988, ndipo chagulidwa makope oposa 45 miliyoni. Chikuto chake chakuda, chokhala ndi galasi la makona atatu lotulutsa utawaleza, chimavalidwa pa malaya ndi anthu amene mwina sanamvepo nyimbo imodzi yomwe. Osankha chimbalechi safunika kudziteteza kwambiri. Ziwerengero zimawayankhira.

Koma chuma chinabwera ndi mavuto ake. Atabwerera ku Abbey Road kuchiyambi kwa 1975 anali otopa, matupi ali mu situdiyo maganizo ali kwina. Mu 1974 Gilmour anali atapeza kamaimbidwe ka manotsi anayi pa gitala, kachisoni, komwe kanamukumbutsa Waters za Barrett, ndipo pamenepo panabadwa Shine On You Crazy Diamond. Apa m'pamene panaonekera mng'alu woyamba wooneka bwino. Gilmour ankafuna nyimboyi ikhale yathunthu mbali imodzi, mbali inayo aikeko nyimbo ziwiri zomwe ankaziimba kale m'mashoo. Waters ankafuna aidule pakati, theka litsegule chimbale theka litseke, pakatipo alowetsepo nyimbo zatsopano zonena za kusowa kwa munthu ndi dyera la makampani a nyimbo. Anavota, Gilmour anagonja atatu kwa mmodzi.

Pa 5 Juni 1975, ali mkati mokonza nyimbo yomweyo, mu situdiyo munalowa bambo wina wonenepa, wometa mpala, nsidze zomwe atameta, atanyamula jumbo ya pulasitiki. Anakhala pakona, nthawi n'kumapita, aliyense akuyesa kuti ndi mlendo wa mnzake. Anali Syd Barrett, ali ndi zaka 29 zokha. Anthu amene anagona naye m'galimoto imodzi pa maulendo oimba analephera kumuzindikira. Wright anadzafotokoza pambuyo pake kuti Waters anagwetsa misozi. Barrett anacheza nawo pang'ono, zolankhula zake zosalumikizika bwino, n'kuchoka, ndipo gululi silinakhalenso naye pamodzi mpaka imfa yake. Wish You Were Here inatuluka mu Seputembala chaka chomwecho. Kumapeto kwenikweni kwa chimbalechi, phokoso likuzirala, Wright amaimba pa kiyibodi kachidutswa ka See Emily Play, nyimbo ya Barrett ya 1967.

Nyimbo ziwiri zomwe Gilmour ankazimenyera nkhondo zija zinadzalowa mu Animals ya 1977, chimbale chaukali chogawa anthu m'magulu a agalu, nkhumba ndi nkhosa. Pojambula chithunzi cha pachikuto anamangirira chibaluni chachikulu chooneka ngati nkhumba pa nyumba yopangira magetsi ya Battersea ku London. Chingwe chinaduka, nkhumba ija inauluka, inasokoneza ndege za pa Heathrow, n'kukatera pa famu ina ku Kent. Chofunika kwambiri pa mkangano wathu ndi maina a opeka: Waters ali pa nyimbo iliyonse, Gilmour pa imodzi, Wright palibe. Ndipo pa shoo yomaliza ya ulendo wa chimbalechi, ku Montreal mu Julayi 1977, Waters atakwiya ndi phokoso la anthu analavulira malovu mnyamata wina wa kutsogolo. Iye mwini anadabwa ndi zimene anachita, ndipo maganizo omanga chipupa pakati pa oimba ndi oonerera anachokera pomwepo.

The Wall, ya mbale ziwiri, inatuluka mu Novembala 1979. Ndi nkhani ya woimba amene amadzitsekera kuseri kwa chipupa, ndipo njerwa zake ndi mabala a moyo wa Waters: bambo ake anafera kunkhondo ku Anzio, Italy, mu 1944 iye ali wakhanda, kenaka aphunzitsi ankhanza, banja losokonekera, ndi chithunzithunzi cha Barrett. Bandi inali pa mavuto a zachuma chifukwa kampani yomwe inkawasungira ndalama inaziika molakwika, ndiye chimbale chinayenera kutuluka msanga. Mkati mwa mpanipaniwo Waters anakakamiza Wright kuchoka m'gulu. Wright, mmodzi mwa oyambitsa bandi, anaimba nawo mashoo a The Wall ngati waganyu wolandira malipiro. Mashoowo anali odula zedi, poti ankamanga chipupa chenicheni pa siteji nyimbo zili mkati, moti anataya ndalama, ndipo amene anapindulapo anali Wright yekha chifukwa malipiro ake anali okhazikika.

Chimbalechi chinafika patali kuposa kumene eni ake ankaganizira. Ku South Africa mu 1980, ana a sukulu amene ankanyanyala maphunziro a tsankho la apartheid anatenga Another Brick in the Wall, nyimbo ya m'chimbalechi yodzudzula aphunzitsi ankhanza, yomwe ana a sukulu ina ya ku Islington ku London anaimba nawo, n'kuisandutsa nyimbo ya zionetsero zawo. Boma linailetsa. Munthu amene anakulira kumeneko nthawi imeneyo akanena kuti The Wall ndiye chimbale chake, sindingamutsutse.

The Final Cut ya 1983 inali ya Waters kuyambira koyamba mpaka kumapeto, yodzudzula nkhondo ya ku Falklands ndi boma la Britain la Margaret Thatcher. Kumapeto kwa 1985 Waters anatuluka m'bandi, ali ndi chikhulupiriro choti popanda iye yatha. Gilmour ndi Mason atanena kuti apitiriza, iye anapita kukhoti mu 1986 kuti awaletse kugwiritsa ntchito dzinalo. Zinali ngati abale olimbirana chuma cha masiye mwini wake akadali moyo, pakuti Barrett, amene anabweretsa dzinalo, anali phee kwawo ku Cambridge. Anagwirizana kumapeto kwa 1987: Gilmour ndi Mason anatsala ndi dzina, Waters anatenga The Wall. Zimbale za 1987 ndi 1994, A Momentary Lapse of Reason ndi The Division Bell, zinatuluka motsogozedwa ndi Gilmour, Wright atabwereranso. Otsatira anagawikana kuyambira pamenepo. Ena amati mtima wa Pink Floyd unali mawu a Waters, ena amati unali kulira kwa gitala ya Gilmour ndi kiyibodi ya Wright.

Ine ndimaima pa Wish You Were Here, ndipo chifukwa changa chili m'mbiri yomweyi. Ndi chimbale chomaliza chimene manja onse amamveka mofanana. Wright amatsegula ndi kutseka, Gilmour amaimba gitala mosathamanga, Waters amalemba za munthu wina amene ankamukonda, mkwiyo usanamudye, ndipo Barrett ali m'nyimbo zake ngakhale sanakhudze chida chilichonse. Gilmour ndi Wright onse awiri ananenapo kuti ndicho chimbale chawo cha pamtima. The Dark Side of the Moon ndi yosalala kwambiri, ndipo munthu woyamba kumene kumvera bandiyi ndingamuuze kuti ayambire pamenepo. The Wall ndimailemekeza, koma poimvera ndimamva ululu wa munthu mmodzi, anzake atawakankhira pambali.

Waters, Gilmour, Mason ndi Wright anadzaimbanso limodzi kamodzi kokha, pa 2 Julayi 2005 ku Hyde Park ku London, pa konsati ya Live 8 yokakamiza mayiko olemera kuti akhululuke ngongole za mayiko osauka, makamaka a mu Africa. Panali patatha zaka 24 asanaimirire pa siteji imodzi. Barrett anamwalira mu 2006, Wright mu 2008. Mu 2013 Waters anavomera poyera kuti analakwitsa kutengera anzake kukhoti, komabe mtendere sunabwere. Animals yokonzedwanso mawu inatha mu 2018 koma inatuluka mu 2022, ndipo Waters anati china chimene chinachedwetsa ndi kusagwirizana kwake ndi Gilmour pa mawu ofotokoza mbiri oti alembedwe m'chikuto. Mu Okutobala 2023, patatha zaka 50 chitulukire The Dark Side of the Moon, Waters anatulutsa chimbale chomwecho atachijambulanso ndi oimba ena, popanda Gilmour ndi Mason, malo ambiri a gitala atalowetsamo mawu ongolankhula. Otsatira ake anati tsopano uthenga wamveka bwino, pomwe a mbali ya Gilmour anati chimbale chachotsedwa moyo, ndipo mkangano unayambiranso pa chimbale chimene ambiri ankayesa kuti onse amagwirizanapo.