Utsi wa pamoto ndi mapapo a mwana: zimene banja lililonse liyenera kudziwa

Mukalowa m'khitchini ya udzu imene yaphikiridwamo zaka ziwiri kapena zitatu, dzutsani maso muone kudenga. Mwaye wakuda bii umakhala ukulendewera paphaso ngati ndevu, ndipo ukaugunda pang'ono umakuthothokera kumaso. Utsi womwe unapanga mwaye umenewo ndi womwenso amapuma mayi akawerama kupemerera moto pamafuwa, ndi womwenso amapuma mwana amene ali kumbuyo kwake. Denga timatha kulifolera lina, koma mapapo a mwana ndi omwewo mpaka kukula.

Ku Malawi kuno mabanja opitirira 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, kotero nkhaniyi ndi ya pafupifupi tonsefe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, ndipo mwa iwo ana osakwana zaka zisanu anali opitirira 237,000.

Chimene chili mu utsi

Choopsa kwambiri ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene akatswiri amatitchula kuti PM2.5. N'tochepa kwambiri moti tsitsi limodzi limatiposa kunenepa pafupifupi ka 30. Ubweya wa m'mphuno sutha kutitchinga. Timatsika mpaka mkatikati mwa mapapo, n'kufooketsa chitetezo chake, ndipo tizilombo toyambitsa chibayo tikabwera timapeza khomo lili pululu. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu ndipo mapapo ake amakhala akadakula, n'chifukwa chake iye ndiye amayamba kugwa.

Kwa akuluakulu utsi umaluma pang'onopang'ono. Pali agogo ambiri amene sanasutepo fodya chibadwire koma amatsokomola chaka chonse ndipo akakwera kamtunda amachita befu. Utsi umathandizira matenda osatha a m'mapapo, matenda a mtima, sitiroko, khansa ya m'mapapo ndi ng'ala ya m'maso. Mayi woyembekezera amene amakhalira mu utsi angathenso kubereka mwana wochepa sikelo.

Zimene anapeza ku Chikwawa ndi ku Chilumba

Anthu ambiri ankaganiza kuti banja likangolandira mbaula yamakono, chibayo chitha. Ofufuza a Liverpool School of Tropical Medicine, motsogozedwa ndi Kevin Mortimer, pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu, anaganiza zoyesa zimenezi. Kafukufuku wawo, wotchedwa Cooking and Pneumonia Study, anachitika kuyambira kumapeto kwa 2013 mpaka 2016 ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Analemba ana 10,750 osakwana zaka zisanu m'magulu a midzi okwana 150. Theka la midziyo linalandira mbaula za Philips zokhala ndi kafani kopemerera moto, koyendera batire yotchajidwa ndi sola, ndipo theka linalo linapitiriza kuphika pamafuwa. Mbaula zimenezi zikayesedwa mu labotale zimatulutsa utsi wochepa zedi.

Patatha zaka ziwiri, chibayo chinapezeka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri: pa ana 100 aliwonse, matendawa ankagwa pafupifupi ka 16 pachaka, kaya kwa a mbaula kaya kwa a mafuwa. Chimene chinatsika ndi zilonda za moto zing'onozing'ono.

Zotsatirazi zinadabwitsa ambiri, ndipo tiyenera kuzimva bwino. Sizikutanthauza kuti utsi ulibe vuto. Mbaula zija zinkawonongeka pafupipafupi, ndipo mabanja ambiri ankabwererabe pamafuwa, makamaka pophika chakudya chambiri. Aliyense amene anavundulapo nsima ya anthu khumi akudziwa kuti mphika waukulu umafuna pokhazikika. Komanso mwana sapuma utsi wa kwawo kokha. Pali khitchini ya oyandikana nawo, zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, mapesi otenthedwa kumunda, nyali ya koloboyi ndi fodya wa abambo. Kutseka gwero limodzi pamene ena asanu akufuka sikufikitsa mpweya poyera mokwanira.

Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa HAPIN, amene anachitika ku Guatemala, India, Peru ndi Rwanda, anapatsa amayi oyembekezera mbaula za gasi ndi gasi waulere. Utsi umene ankapuma unatsika kwambiri, komabe chibayo choopsa cha makanda sichinasiyane kwenikweni. Ife a zaumoyo tikuphunzirapo kuti mbaula yabwino ndi yofunika, koma siingalowe m'malo mwa katemera, kuyamwitsa ndi kufika msanga kuchipatala.

Nanga Chitetezo Mbaula ija youmbidwa ndi dothi? Igwiritseni ntchito. Imadya nkhuni zochepa, imateteza ana kugwera pamoto, ndipo mutha kuinyamula n'kukaphikira panja, chomwe ndi phindu lake lalikulu pa zaumoyo. Chokhacho, musaitenge ngati mankhwala a chibayo.

Zimene mungachite osawononga ndalama

Ngati kunja kuli bwino, phikirani panja kapena pansi pa chisakasa chopanda makoma, ndipo khalani mbali imene mphepo ikuchokera. Nyengo ya dzinja ikakukakamizani kulowa m'khitchini, siyani chitseko chotsegula ndipo boolani zenera kapena mpata m'mwamba pafupi ndi denga, chifukwa utsi umakwera. Nkhuni ziwisi ndizo zimafuka koposa. Ziwazeni, ziumitseni, ndipo sungani mtolo wina pouma mvula isanayambe.

Chimene chimatipweteka mtima kwambiri ndi kuona mayi akuyatsa moto ndi jumbo kapena chidutswa cha patapata. N'zoona kuti zimagwira msanga makala akanyowa, koma utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni woposa wa nkhuni. Kolezani ndi udzu, timitengo touma kapena zitsononkho.

Koposa zonse, chotsani mwana pamoto. Tikudziwa kuti mayi amabereka mwana kuti manja apeze mpata, ndipo nthawi zina palibe womusiyira. Koma ngati alipo bambo, agogo kapena mkulu wake, amunyamule nthawi yoyatsa moto ndi yopemerera, pamene utsi umakhala tolotolo. Abambo osuta fodya akasutire kutali ndi nyumba.

Mbaula ya makala usiku

Mu Juni ndi Julaye kukazizira, ena amalowetsa mbaula kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi mazenera. Amati makala akayaka psuu n'kusiya kufuka ndiye kuti palibenso vuto. Si zoona. Makala ofiira amatulutsabe mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu. Ukalowa m'magazi umakanirira kuposa mpweya wabwino ka 200 ndi kupitirira, ndipo munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo tokoma, osadzukanso. Banja lonse lingathere usiku umodzi. Othani moto pamalo opita mphepo, ndipo musanagone tulutsani mbaula panja. Mukapeza munthu atafooka kapena atakomoka m'chipinda chotere, tsegulani zonse, mutulutseni, musamumwetse kanthu ngati sakuzindikira, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Kuzindikira chibayo

Mwana akamatsokomola, dikirani akhale phee, vundukulani chifuwa chake ndipo werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika ka 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo aonedwe tsiku lomwelo ndi mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pokoka mpweya, ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena walefukiratu, musadikire kuti kuche ndipo musayambe mwakagula mankhwala kugolosale.

Katemera wa chibayo wa PCV anayamba kuperekedwa kuno mu 2011 ndipo ndi waulere kusikelo ya ana. Onani m'buku la mwana ngati analandira onse atatu. Yamwitsani mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Wamkulu amene watsokomola milungu iwiri asangoti ndi utsi, akayezetse makhololo chifukwa chingakhale chifuwa chachikulu. Mukafuna kufunsa musananyamuke, imbani Chipatala Cha Pa Foni.