Rauta ya WiFi siyidwalitsa munthu, abale

Mu magulu a WhatsApp a ife aMalawi kuno ku Joni mukuyendanso voice note yoti rauta ikakhala kuchipinda imayambitsa khansa, ena mpaka akuti netiweki ya foni ya 5G ndi imene inabweretsa Covid. Ndi bodza limenelo ndipo zikundiwawa kuona anthu ku Mayfair ndi ku Yeoville akuzimitsa rauta usiku chifukwa cha mantha, pomwe ndi nthawi yomwe amayankhula ndi ana kumudzi.

Rauta imatumiza mafunde a wailesi, gulu limodzi ndi omwe amatibweretsera nyimbo pa wailesi, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri moti sangaononge maselo a thupi ngati mmene X-ray yochuluka ingachitire. Ndipo ka 5G kamene mumakaona pa dzina la WiFi yanu nthawi zambiri kamatanthauza 5GHz, mtundu wa mafunde a WiFi, si netiweki ya foni ayi.

Za Covid ndiye ganizani, kwathu matendawa anapezeka mu April 2020 kulibe 5G ndi imodzi yomwe, kachilombo kamayenda ndi mpweya wa munthu. Bodza lomweli linaotchetsa ma tawa a netiweki ku KwaZulu-Natal mu January 2021, anthu osalakwa nkukhala opanda netiweki. Ikakufikani voice note imeneyo musaitumizenso chonde.