Dzina likachotsedwa pa Mtukula Pakhomo, mwini wake ali ndi ufulu wofunsa chifukwa

Kalembera wa Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, akachitikanso, madandaulo ake amakhala omwewo kwa Mkanda, kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni m'boma la Mchinji: agogo olera ana amasiye afika pamalo olandirira, dzina lawo palibe, ndipo palibe wowauza chifukwa. Ena amati thandizo ndi mphatso, silipita kukhoti. Mbiri ya nkhaniyi ikutsutsa zimenezo.

Pulogalamuyi inayambira kuno ku Mchinji mu 2006, mothandizidwa ndi UNICEF. Inkatenga mabanja 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wotha kugwira ntchito, ndipo makomiti a m'midzi ndiwo ankasankha. Munthu wokhala yekha ankalandira K600 pamwezi. Kafukufuku wa Boston University anapeza kuti mabanja olandira anayamba kudya bwino, ndipo ine sindimutsutsa. Koma funso lake lalikulu linali lakuti ndalamazo zikuthandiza bwanji, osati lakuti wosiyidwa akadandaule kuti. Pofika 2018 pulogalamuyi inali m'maboma onse 28.

Kwa ine chinthu chachikulu chinachitika kale, mu 1994. M'nthawi ya chipani chimodzi munthu ankatha kutsekeredwa osazengedwa mlandu, kapena kulandidwa katundu pansi pa lamulo la 1966, popanda womufotokozera. Anthu atavotera zipani zambiri pa 14 June 1993, olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaikamo ndime 43. Ndimeyi imati wogwira ntchito m'boma akapanga chiganizo chokhudza ufulu wa munthu, kapena chimene munthuyo ankayembekezera moyenera, atsate malamulo, achite mwachilungamo, ndipo apereke zifukwa zake molemba. Ndime 108 inapatsa khoti lalikulu mphamvu younika zimene boma lachita.

Khotilo silisankha wosauka kuposa mnzake ayi. Limaona ngati ndondomeko inatsatidwa ndiponso ngati munthuyo anamvedwa, ndipo likhoza kufafaniza chiganizocho n'kulamula kuti achionenso.

Akuluakulu a boma ali ndi mfundo yawo: ndalama n'zochepa, osauka ndi ambiri kuposa malo, ndipo njira zodandaulira zilipo kumakomiti ndi kukhonsolo. N'zoona. Komabe khoti lalikulu lapafupi lili ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, ndipo dandaulo liyenera kufika pasanathe miyezi 3. Ofesi za Ombudsman (womva madandaulo a anthu okhudza ntchito za boma) ndi Legal Aid Bureau (yothandiza osauka pa milandu) zilipo, koma agogo amene anasankhidwa chifukwa chosowa mphamvu ndi ndalama ndiwo akuyenera kupeza ya basi, ndipo kawirikawiri amanyamuka opanda kalata yonena chifukwa chimene anawachotsera.