Kafukufuku wopanda ofesi

Nthawi yokumba mtedza chaka chatha, ndili kwa Mkanda kope lili m'manja, a nyakwawa anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, inu yakutumani ndi yunivesite iti?" Ndinawayankha zoona: palibe. Digiri yanga yachiwiri ndinaitengera ku Bunda. Ndimaphunzitsa mwaganyu pakoleji ina kontirakiti ikapezeka, ikatha ndimabwerera kuno ku Mchinji. Ofesi ndilibe, koma kafukufuku ndimachita ndipo ndimasindikiza.

Oterewa tilipo ambiri. Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, koma omaliza masitazi (digiri yachiwiri) achuluka kuposa mipando ya ntchito kumeneko. Chimandiwawa ndi choti anzanga ambiri akasowa mpando amaikanso mafunso awo m'sutikesi limodzi ndi setifiketi, poganiza kuti kafukufuku ndi wa maprofesa okha.

Kusindikiza komwe ndikunena si kwa m'nyuzipepala. Ukamaliza kufufuza umalemba pepala lofotokoza funso lako, njira yomwe unatsata ndi zomwe unapeza, n'kulitumiza ku jenala, magazini ya akatswiri. Mkonzi amalipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu omwe iwe suwadziwa kuti alipete ngati mpunga. Ma jenala ena amachita kufufuta dzina lako lisanafike kwa iwo. Chomwe akatswiriwo amafunsa ndi ichi: anthu ofunsidwawo unawasankha bwanji? Mawerengero akowa akugwirizana ndi zomwe ukunena? Pamalo polemba kuntchito, wopanda bungwe amaloledwa kulemba kuti ndi wofufuza woima payekha. Mayankho amatenga miyezi, ndipo kukanidwa ndi chakudya cha aliyense, ndi a mipando omwe.

Ine ndimafufuza za chuku, nkhungu ija imamera pa mtedza wosauma bwino n'kutulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi. Ndi chifukwa cha poizoni ameneyu misika ya ku Europe imabweza mtedza wambiri wa ku Africa. Kumuyeza kumafuna labotale ngati za ku malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, ndipo mtengo wake thumba langa silingaufike. Ndiye funso ndinalidula molingana ndi msinkhu wanga. Ndimakhala pansi ndi amayi akuthothola ndi kusenda mtedza, n'kumaona. Mayi wina anatenga kapu ya madzi n'kuwaza pa mulu wa mtedza wa mtundu wa CG7 kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Ataona ndikulemba anati, "Achimwene, mukasenda lichero limodzi louma mudzamvetsa." Ndinasenda, ndipo ndinamvetsa. Madzi amenewo ndiwo amadzutsa chuku, koma mayiyo sawaza chifukwa cha umbuli, amawaza chifukwa cha ululu. Zotere wobwera ndi galimoto masiku atatu sazigwira. Wokhala pamudzi chaka chonse ndiye amaziona, ndipo apa ndi pomwe ife opanda ofesi tili ndi mphamvu.

Koma musanafunse munthu funso ngakhale limodzi, pezani chilolezo. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kafukufuku m'dziko muno amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Pa nkhani za chikhalidwe ndi umoyo wa anthu wa tsiku ndi tsiku pali komiti ya NCRSH, pa za matenda ndi zipatala pali NHSRC. Mumatumiza ndondomeko yanu, mafunso anu, ndi kalata yomwe mudzawerengere wofunsidwa m'Chichewa kuti avomere mwa kufuna kwake. Pamakhala ndalama yolipira komanso kudikira. Jenala yeniyeni idzafuna nambala ya chilolezocho, ndipo sichiperekedwa ntchito itatha kale. Ndaonapo mnzanga atayenda midzi nyengo yonse ya dzinja, makope atadzaza, pepala lake n'kukanidwa pa chifukwa chimenechi chokha. Kalata ya kwa DC ndi kugwada kwa mfumu ndi zofunika, koma sizilowa m'malo mwa komiti.

Zowerenga nazo n'zovuta. Pali Research4Life, ndondomeko yomwe inayamba ndi pulogalamu ya Hinari ya bungwe la zaumoyo la WHO mu 2002, yopatsa mayiko osauka ngati Malawi mwayi wowerenga ma jenala okwera mtengo kwaulere, koma amalembetsa mabungwe, osati munthu payekha. Ine ndimadalira masamba a pa intaneti ofufuzirapo mapepala, Google Scholar ndi African Journals Online, komanso ma jenala otsegukira aliyense ngati Malawi Medical Journal. Pepala likakhala lotsekeredwa ndimalembera mwini wake imelo yaulemu, ndipo ambiri amatumiza mokondwa. Tsegulaninso ORCID, nambala yaulere ya manambala 16 yomwe imasonkhanitsa ntchito zanu pa dzina lanu, kaya muli pantchito kaya ayi.

Tsopano za ndalama. Ma jenala ambiri otchuka amalipiritsa wolemba, ena madola 2,000 kapena kuposa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyi inasanduka phiri. Koma osindikiza ambiri akuluakulu amachotsera kapena kukhululukira olemba a ku Malawi. Funsani musanatumize pepala, osati litalandiridwa. Ndipo alipo ma jenala abwino osalipiritsa n'komwe.

Chenjerani ndi ma imelo okoma, okutchulani "Professor" n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala langa loyamba ndinalipereka kwa otere, ndili ndi ludzu loona dzina langa litasindikizidwa. Analilandira m'masiku anayi osakonza ngakhale chilembo chimodzi, ndalama n'kutenga. Palibe katswiri analiwerenga, ndipo jenala ina singalilandirenso chifukwa linatuluka kale. Ntchito ya alimi omwe anandipatsa nthawi yawo inathera pamenepo, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Masiku ano ndimayamba ndayang'ana ngati jenala ili pa DOAJ, mndandanda wa ma jenala otsegukira aliyense omwe anaunikidwa, n'kuwerenga mapepala ake angapo, n'kufufuza ngati akonzi ake alidi komwe akuti ali.

Kugwira ntchito ndi mnzanu wa pa yunivesite kumathandiza, chifukwa iye ali ndi laibulale ndi labotale, inu muli ndi midzi. Kungoti gwirizanani polemba, ntchito isanayambe, kuti dzina la ndani lidzatsogola. Woyenda m'minda asamathere pa mzere wothokoza.

Pepala la chuku lija lili kwa akatswiri, uno ndi mwezi wachinayi. Loweruka likubwerali ndikwera kabaza kubwerera kwa Mkanda kukafotokozera amayi aja zomwe ndinapeza. A nyakwawa anena kuti tikumane pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndabwereka kamakina kosendera mtedza ka pamanja kuti tikakayesere limodzi.