Golide wa eni ake ndiye anakokera likulu la Mozambique kummwera

Pamapu, Mozambique ndi dziko lalitali ngati lamba. Lagona m'mbali mwa nyanja yamchere mtunda woposa makilomita 2,400, kuyambira pa mtsinje wa Rovuma kumpoto mpaka kumalire ndi South Africa. Koma likulu lake, Maputo, lili kumchira kwenikweni, pomwe Nampula ndi Zambezia, zigawo za anthu ochuluka kuposa zina zonse, zili kutali kumpoto.

Kale sizinali choncho. Vasco da Gama atafika mu 1498 anapeza Aswahili ndi Aluya akuchita malonda pa kachilumba komwe lero kamatchedwa Ilha de Moçambique. Apwitikizi anakakonda kachilumbako chifukwa zombo zopita ku India zinkapumira pomwepo. Anamangapo linga la São Sebastião, ndipo kanakhala likulu lawo kwa zaka mazanamazana. Minyanga, golide ndi akapolo zinkatulukira pamenepo, ndipo dziko lonse linatenga dzina la kachilumbako.

Kummwera kunali kamudzi ka madambo ndi malungo, kotchedwa Lourenço Marques potengera wamalonda yemwe anafika pagombelo mu 1544. Angerezi nawo ankalilimbira gombelo, mpaka Pulezidenti MacMahon wa France anagamula mlanduwo mu 1875 mokomera Apwitikizi.

Kenako mu 1886 golide anapezeka komwe kuli Johannesburg. Maburu a ku Transvaal ankafuna doko lomwe silinali m'manja mwa Angerezi, ndipo lapafupi linali lomweli. Njanji yochokera ku Pretoria inatsegulidwa mu 1895. Patangopita zaka zitatu, mu 1898, likulu linasamuka. Apa ndi pomwe pamandiwawa: atsamunda sanayang'ane komwe kunali anthu, anatsata ndalama za padoko ndi za amuna omwe ankatengedwa kupita kumigodi ya ku Transvaal. Njanji zinanso, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinaloza kumayiko akumtunda. Palibe yomwe inalumikiza kumpoto ndi kummwera.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, boma la Samora Machel linasintha dzina la mzindawo mu 1976 kukhala Maputo, koma likulu linatsala pomwepo. Chipani cholamula cha Frelimo chinkalalikira dziko limodzi kuchokera ku Rovuma mpaka ku Maputo, komabe pamsewu waukulu wopita kumpoto, galimoto zinkadikira pantoni pa Zambezi ku Caia mpaka mlatho unatsegulidwa mu 2009.