Timu Yaing'ono Ikagwetsa Chimphona, Si Mankhwala

M'mavidiyo sho a ku Kamwendo ndi pa Boma ku Mchinji, timu yaing'ono ikangogonjetsa yotchuka pa masewero a chipulula, mawu amakhala omwewo: "Akhwimira" kapena "agula oyimbira." Zimandipweteka, chifukwa tikatero timalanda anyamata thukuta lawo.

Mpira ndi masewero a zigoli zochepa, ndipo chimodzi chimakwana. Mu June 2008 Flames inachinya Egypt 1-0 ku Blantyre, Egypt ili akatswiri a Africa, Chiukepo Msowoya atamwetsa kumapeto kwenikweni. Mu 2022 North Macedonia inatsekera Italy njira ya World Cup ndi chigoli chimodzinso, kwawo kwa Italy komweko, ku Palermo. Kodi nakonso tinene kuti kunali sing'anga?

Zifukwa zake n'zooneka ndi maso. Osewera otchuka amachokera m'makalabu osiyanasiyana a ku Ulaya, amakumana masiku ochepa, atatopa ndi ulendo, n'kupeza kutentha ndi bwalo losazolowera. Anzawo a timu yaing'ono amadziwana mapazi, amatseka kumbuyo, n'kudikira mpata umodzi. Onjezani kuderera kwa akuluakuluwo. Ethiopia inachinya Egypt 2-0 pa Bingu ku Lilongwe mu 2022, anthu akuona okha.