Chimbale chachisamba chikatuluka, timvere ndani?

Ntchito yanga ndi yojambula nyimbo mu situdiyo kuno ku Lilongwe. Sabata imene oimba amaonda nayo si yojambula ayi, koma yotsatira tsiku lokhazikitsa chimbale choyamba. Chaka chatha kagulu kena ka achinyamata anayi, kamene sinditchula dzina, kanatulutsa nyimbo khumi za magitala osalumikiza kumagetsi, ng'oma yamanja, chisekese ndi mawu opolokozana. Nyimbo yachitatu inayenda pa WhatsApp mpaka ndinaimva ikulira pafoni ya wakabaza ku Chilinde. Sabata yomweyo wolemba za nyimbo wina anati chimbalecho n'chofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Woimba gitala anandiimbira usiku: "Achimwene, wabodza ndani pamenepa?"

Ndinamuyankha kuti palibe wabodza. Wakabaza ndi wolembayo sanamvere chinthu chimodzi.

Tiyambe ndi dzina la chamba cha nyimbo zimenezi, poti limasokoneza. Kunja amati indie folk-pop. Folk ndi nyimbo zotsamira pa zoimbira zakale ndi nthano za anthu wamba. Pop akutanthauza kuti nyimbozo ndi zazifupi, zokhala ndi kolasi yoti mwana aigwire ulendo umodzi. Indie ndi oimba amene alibe kampani yaikulu pambuyo pawo. Ku London mawu amenewa amasiyanitsadi anthu. Kuno amandiseketsa, chifukwa pafupifupi woimba aliyense amalipira yekha situdiyo, amadzinyamulira yekha nyimbo kupita nayo ku wailesi, nakalembetsa yekha ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Tonse ndife a indie, sitinachite kusankha.

Womvera wamba amakumana ndi nyimbo imodzi, ndipo amakumana nayo ali pa zina: mu minibasi yopita ku Area 25, pochapa, pamzere wa mafuta. Funso lake ndi lalifupi. Yandigwira kapena ayi? Sadikira. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa ikadutsa masekondi 30, ndipo chala cha munthu pafoni sichipirira kuposa pamenepo. Wowunika nyimbo amakhala pansi n'kumvera zonse khumi motsatana, kawiri kapena katatu, m'mutu mwake muli zimbale mazana zimene anamvapo kale. Iye amafunsa ngati gululi labweretsa chimene kunalibe. Choncho kufanana kwa nyimbo, kumene kwa wowunika ndi chilema, womvera sakuona n'komwe. Akakuona amakondwera, chifukwa wapeza zina zisanu ndi zinayi zonga imene anaikonda ija.

Chimbale choyamba chimakulitsa kusiyana kumeneku. Ndi mwana wachisamba. Nyimbo zake zinapekedwa pa zaka zambiri, zaimbidwa m'maukwati, m'mabala a ku Bwandilo, pa zochitika za achinyamata kutchalitchi, ndipo zimene anthu sanaziwombere m'manja zinatayidwa kale m'njira. Zotsalazo ndi zimene gulu la anthu linasankha, ndiye n'zosadabwitsa kuti anthu amazikonda. Koma sefa yomweyo imachotsa nyimbo zachilendo, zija zimafuna kuzimvera kangapo, zomwe wowunika amasakasaka. Onjezaninso kuti woimba watsopano amamvekabe ngati amene ankawamvera akukula. Womvera akamva fungo la Allan Namoko kapena kwela wa abale a Kachamba, Daniel ndi Donald, amamva kwawo. Wowunika amalemba kuti zabwerekedwa.

Si za kuno kokha. Gulu la ku London la Mumford & Sons linatulutsa chimbale chake choyamba, Sigh No More, mu 2009, chodzaza ndi banjo ndi makolasi oimba anthu onse pamodzi. Pitchfork, imene imawunika nyimbo ku America, inachipatsa malikisi 2.1 pa 10. Anthu anagula makope mamiliyoni, ndipo mu 2011 chinapata mphoto ya Brit ya chimbale chapamwamba cha chaka. Dandaulo la owunika ena linali loti achinyamata a m'tauni avala malaya a kumudzi. Anthu amene ankaimba nawo m'mabwalo analibe nazo ntchito zimenezo. Gulu lomweli mu 2016 linajambula chimbale chachifupi chotchedwa Johannesburg pamodzi ndi Baaba Maal, Beatenberg ndi The Very Best, gulu la Esau Mwamwaya wa kwathu konkuno.

Kwathu nkhaniyi imathanso kutembenuka. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, wina pa babatoni ya nsambo imodzi yopanga yekha, wina pa gitala ya nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Ambirife tinkawadutsa tikuthamangira minibasi. Mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako ku Ulaya, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala. Apa owunika akunja ndi amene anayamba kuvina, ife n'kumatsatira pambuyo. Chimodzimodzi chimbale cha Zomba Prison Project, chimene Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, anajambula: Amalawi ambiri anachimva koyamba chitalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto za Grammy za 2016. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona. Koma kalumo kameneka ine ndimakayang'ana ndi diso limodzi. Mlendo nthawi zambiri samva Chichewa. Amayamikira kulira kwa chingwe ndi fumbi la pamsewu, pamene mawu, omwe kwa ife ndiye nyimbo yeniyeniyo, amamudutsa. Nthawi zina amafuna woimba akhalebe wosauka kuti azimveka weniweni.

Tsono pali gawo limene mbali zonse ziwiri zimakangana osadziwa kuti zikukangana za ine, wa pa makina. Nyimbo za magitala opanda magetsi zilibe pobisala. Ndikajambula oimba onse pamodzi m'chipinda chimodzi, liwiro limakwera pang'ono pa kolasi n'kutsika pa vesi, monga amachitira pamaso pa anthu, ndipo zala zimamveka zikukhulana ndi nsambo. Wowunika amati chimbalechi chili ndi moyo. Wa pa wailesi akachiika pambuyo pa amapiano amati chikumveka chapansipansi ngati chojambulira kuchipinda chogona. Ndikasankha njira inayo, aliyense kujambula payekha motsatira kaphokoso kowerengera liwiro m'mahedifoni, mawu n'kuwongoledwa ndi kompyuta, chilichonse n'kupanikizidwa kuti chimveke mokweza, nyimboyo imalimbana bwino ndi injini ya minibasi. Wowunika amati yasalala mopitirira, yataya mchere. Nyimbo ndi yomweyo, oimba ndi omwewo.

Palinso kasipika ka foni. Sikatulutsa mawu apansi, ndiye besi kapena babatoni imene wowunika waimva bwino m'mahedifoni, kwa wakabaza uja kulibe. Ichi n'chifukwa chake ndikamaliza kusakaniza nyimbo ndimatuluka panja, n'kuimvera pafoni yotchipa nditaimirira pafupi ndi msewu.

Inu owerenga, mukaona ndemanga ya wowunika, yang'anani kaye ngati watchula chinthu chimene mungathe kukachimva nokha. Akati pa nyimbo yachisanu mawu a wamkazi akumira pansi pa magitala, mutha kukatsimikiza, ndipo woimba angakonze. Akangoti chimbalechi n'chofooka, wakuuzani za mtima wake basi. Chimodzimodzi ndi mayamiko a pa Facebook. Tizithunzi ta moto timene amaika anzake a woimba, asuweni ndi a kwaya yawo pa tsiku lokhazikitsa sitinena kanthu za nyimbo. Ine ndimadikira miyezi itatu, n'kuona ngati munthu wosadziwana ndi oimbawo akuipemphabe pa wailesi, kapena ngati gulu lina layamba kuiimba pa chinkhoswe. Ndivomere kuti owunika enieni kwathu ndi ochepa. Zambiri zolembedwa chimbale chikatuluka zimangonena kumene mwambo unachitikira ndi amene analipo. Lilongwe ndi wamng'ono, ndipo amene wamudzudzula Lachiwiri ukumana naye pa maliro Loweruka.

Achinyamata anayi aja anabweranso mwezi watha kudzayamba chimbale chachiwiri. Tinamveranso choyamba chija tonse, ndipo tinapeza kuti nyimbo zisanu ndi ziwiri mwa khumi zinali mu kiyi imodzi ndi liwiro lofanana, chifukwa ndi pamene mawu a woimba wawo amakhala momasuka. Wolemba uja sanalakwitse. Koma nditawafunsa ngati nyimbo yachitatu ija angaisinthe, onse anakana. Ulendo uno abweretsa nyimbo ina yodekha, ya mphindi zisanu ndi imodzi, yopanda kolasi, imene sanaiimbepo pagulu. Woimba ng'oma akuti anthu akagona nayo. Tiijambula Lachisanu, onse anayi m'chipinda chimodzi, magetsi akapanda kuzima.